Anyamata Osaoneka ndi Bondo la Kapitawo

Nkhani iyi ndikanakonda kupita nayo kumanda, koma pa esiteti yonse palibe amene sakuidziwa, ndipo aliyense amaithira mchere mmene akufunira. Ena akuti ndinameza wayilesi. Ena akuti ndinamatirira ku thirakitala mpaka inakanditula ku fakitale. Bodza lokhalokha! Bola ndidzivule ndekha. Manyazi ake ndi anga, musandithandize kusenza.

Ine ndine Namakhwa. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinali kapitawo wa otchola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Dzina lake sinditchula, ndikadali pantchito pomwepo.

Zinthu ziwiri ndinkadzitama nazo: miyendo ndi mphuno. Miyendo, chifukwa Field 9, munda uja woima ngati khoma, ndinkaukwera kawiri m'mawa umodzi, anyamata akupumira m'mwamba kumbuyo kwanga. Mphuno, chifukwa ndinkalumbira pagulu kuti mutandimanga nsalu kumaso n'kundinunkhiza tiyi, ndikhoza kukuuzani munda umene wachokera, mwinanso ndi dzina la amene anamutchola.

Mphunoyo muisunge bwino. Tiipezanso kutsogoloku.

Limene linandiukira ndi bondo lakumanzere. Linayamba chaka chatha nthawi ya chiperoni, kumangolasa pang'ono ndikamatsika phiri. Kenako linayamba kutupa. Ndinagula thalauza lalikulu, ndipo kutsimphina ndinkatsimphina ndikakhala ndekha basi. Munthu akatulukira, ndinkawongoka ngati msilikali, misozi ili m'kati.

Mudziwe kuti pa esiteti pathu kapitawo akayamba kutsimphina samuchotsa ntchito ayi. Amamuchitira ulemu. Amamupatsa mpando pa geti kuti akhale mlonda. Ine, munthu amene ndikangotsokomola anthu makumi anayi amakhala chete, ndizikatsegulira magalimoto n'kumamenya saluti kwa madalaivala? Ndinkaliopa geti limenelo kuposa njoka, ndikunena zoona.

Ankadziwa za bondoli ndi akazi anga okha, amake Eneless, ndipo ndinawalumbiritsa kuti asauze munthu, ngakhale mwana.

Ndiye tsiku lina Lachisanu, field manager watsopano, bwana wachinyamata wa msinkhu wa mwana wanga, anatiitana akapitawo tonse.

"Lolemba ndiyamba kuyenda munda uliwonse ndi kapitawo wake, wapansi," anatero. "Tiyambira Field 9. A Namakhwa, ndamva kuti phiri limenelo ndi lanu."

"Ndi langadi, bwana!" ndinayankha ndikumwetulira, bondo likunditukwana m'thalauza.

Loweruka lake kunafika Eneless, mwana wathu woyamba. Iyeyu amaphunzira kuyunivesite ina ku South Africa. Dzina la zimene amaphunzira lilime langa limakana, koma amake amauza anthu kutchalitchi kuti ndi dokotala, ndipo sitiwatsutsa.

Masana titakhala pakhonde ndinamufunsa.

"Kodi iwe, kumeneko umapanga chiyani kwenikweni? Anthu akandifunsa ndimangoti za sayansi, ngati mbuli."

Anatulutsa foni n'kundionetsa kavidiyo. Ndinaona timadontho takuda tikuthamanga uku ndi uku, tina tikusiya tithovu kumbuyo.

"Nyerere?"

"Ayi, ababa. Timeneti timatipanga ife mu labu. N'tating'ono kwambiri, ndi maso simungatione, apa mukutionera pa microscope. Kalikonse kamasenza mankhwala n'kumayenda kokha m'thupi. Tithovu timeneto ndi timene tikukakankha kuti kapite kutsogolo."

"Kupita kuti?"

"Pamene pali matenda. Mukameza piritsi wamba, mankhwala amamwazika thupi lonse, mpaka kumene kulibe vuto, n'chifukwa chake ena amachita chizungulire kapena kusanza. Ife tikufuna kuti mankhwala akatulidwe pamalo penipeni, kaya ndi pachilonda cha m'mimba, kaya pa chotupa."

Apa ndinamva msanga, chifukwa ndi nkhani ya kumunda. Mtengo umodzi wa tiyi ukadwala, wopusa amapopera munda wonse. Wanzeru amatuma munthu mmodzi ndi kachitini kuti akathire pamtengo womwewo.

"Ndiye amenewa ndi antchito," ndinatero. "Anyamata."

"Ngati mukufuna kuwatchula choncho, ababa."

"Kapitawo wawo ndani?"

"Alibe. Amayenda okha."

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Zaka zonsezi ndili m'munda, wantchito wopita yekha pa mzere wake popanda womuyang'anira sindinamuonepo.

"Mwanawe, kumeneko akukunamiza."

"Chabwino, ena timawalondolera ndi maginito kuchokera kunja kwa thupi."

"Eyaa! Ukanayamba ndi zimenezo. Kapitawo ndi ameneyo!"

Kenako ndinayang'ana kumbali, ngati munthu amene akungocheza.

"Nanga munthu atakhala ndi vuto la... tinene bondo. Osati ine. Mnzanga wina wa ku Thekerani."

Amake Eneless, amene ankasankha nyemba pambali, anatsokomola. Ndinawaponyera diso, iwo n'kupitiriza ndi nyemba zawo.

"Mwina m'tsogolo," anatero Eneless. "Panopa kwathuko tikadali kuyesa m'timabotolo ndi pa mbewa. Munthu sitinamupatsepo. Mnzanuyo muwauze apite kuchipatala, ababa, asachedwe."

Pa mbewa! Abale inu, mbewa zomwe kuno timagula pamsewu zitapanidwa pa kamtengo, kumeneko zikulandira chithandizo chapamwamba, kapitawo wathunthu akubuula. Mtima unandiwawa. Ndinaganiza kuti mwanayu akungoopa malamulo a mabwana ake, monga mmene kalaliki wa sitolo amakanira kukupatsa magambutsi atsopano chikhalirecho ali mbwee pa shelefu.

Asananyamuke pakhondepo ananenanso kuti Lolemba m'mawa apita kusekondale yake yakale ku Bvumbwe, kukaonetsa ana asukulu mmene tinthu timeneti timayendera.

Kukaonetsa. Ndiye kuti wabwera nato.

Lamulungu m'mawa iye ndi amake anatsogola kutchalitchi, ine ndinatsala ndikulimbana ndi nsapato. Polowa kuchipinda chochezera ndinaona kathumba ka nsalu ka Eneless pamwamba pa kabati. Ndikunenetsa kuti sindinafufuze. Kathumbako kanali kotsegula pang'ono, ine ndinangokathandiza.

M'kati munali kabotolo ka pulasitiki, kotalika ngati chala, ka chivindikiro chabuluu. Pambali panalembedwa ndi dzanja la Eneless: SAMPLE A. DO NOT TOUCH. M'kabotolomo munali ufa wakuda, wosalala.

Chingerezi chimenecho ndimachidziwa. Pa esiteti amachilemba pa zinthu zamphamvu zokhazokha, monga pa bokosi la magetsi. Ndinakagwedeza kabotolo kaja pa dzuwa, ufa uja n'kugwedezeka. Amoyo!

Mawu ena mumtima anati, "Namakhwa, dikira mwana umufunse." Mawu enanso anati, "Geti." Achiwiriwa anapambana.

Ndinatunga madzi m'kapu, n'kukhuthuliramo ufa wonse. Sindinafune za theka. Ntchito yaikulu imafuna gulu lonse. Ndiye monga anandiphunzitsira malemu amayi anga pomwa mankhwala owawa, ndinatsina mphuno ndi zala ziwiri zolimba, n'kugugudiza kapu yonse osapuma. Ndinatsukuluza m'kamwa ndisanaisiye mphunoyo, kuti ndisamve ngakhale kafungo.

Kabotolo ndinakabwezera m'kathumba, kathumba pa kabati. Kenako ndinaimirira pakati pa nyumba, ndinakweza malaya, n'kulankhula ndi mimba yanga.

"Tamverani, anyamata. Ine ndine Namakhwa, ndipo sindibwereza mawu. Mutsike molunjika. Mukafika pa mphambano mukhotere kumanzere. Kumanzere! Wopita kumanja ndimulemba absent."

Kutchalitchi kunabuka vuto limene sindinaliganizire. Titatha kuimba, abusa anati tikhale pansi. Nditangoti ndipinde, nzeru zinandibwerera. Ndikakhala pansi msewu upindika pachiuno. Ndipo wantchito ndimamudziwa, akapeza pokhota amakhala pomwepo n'kuyamba kucheza. Koma pa mtsetse amathamanga yekha.

Ndinakhala chiimire. Ndinapendekekanso pang'ono kumanzere kuti asasochere.

Abusa anawerenga mawu, anayamba kulalikira, kenako anaima.

"A Namakhwa, kapena muli ndi umboni?"

"Ayi, abusa, pitirizani. Uthengawu ukundikhudza, sindingaumvere pansi."

"Amen!" anatero abusa, atasangalala zedi.

Mkulu wa mpingo amene anali pambali panga anaona kuti kukhala pansi tsopano kukuoneka ngati kuuma mtima. Anaimirira. Wina kumbuyo anaimiriranso. Pofika pemphero lomaliza, theka la abambo linali chiimire, ndipo awiri atatu anali atapendekeka kumanzere poganiza kuti ndi mmene zikuyendera masiku ano. Ulaliki wa tsiku limenelo unatalika kuposa masiku onse, abusa ataona kuti wagwira anthu.

Pobwerera amake Eneless anandiyandikira.

"Bambo a Eneless, mwayamba liti uzimu woterewu?"

"Munthu amasintha, mayi."

"Mmm," anatero. Mmm wa akazi angawa ndi woopsa kuposa kalata ya warning.

Masana tinadya nyemba za kalongonda ndi chinangwa. Ine ndinadya choimirira, ndikunamizira kuyang'ana nkhuku. Eneless atatha kudya anapita kukaona anzake. Posakhalitsa m'mimba mwanga munayamba kulira. Kulululu! Kwii! Kulululu!

Wina akanati ndi kalongonda. Koma ine phokoso limenelo ndimalidziwa bwino. Ndi phokoso la antchito amene apeza chakudya panjira, atula katundu pansi, akuseka.

"Mwayamba eti?" ndinanong'oneza mimba. "Ndakutumani ku bondo, inu mwatsegula kantini?"

Kulululu!

Kundiyankha! Ndinapsa mtima. Si ndinanena ine kuti wantchito woyenda yekha kulibe? Pankafunika kapitawo, ndipo mwana anali atanena kale kuti kapitawo wake ndi maginito.

M'nyumba mwathu maginito anali pamalo amodzi okha: m'sipika ya wayilesi ya amake Eneless, wayilesi yaikulu ija amamvera nyimbo za kwaya. Ndinainyamula mwakachetechete kupita nayo kuseri kwa khola la mbuzi. Ndi mpeni ndi sukuludalaiva ndinachotsa chimaginito chozungulira, cholemera ngati mwala wonolera. Ndinachiika pa bondo, n'kuchimanga ndi malegeni a chubu cha njinga, kuzunguliza kasanu. Thalauza lalikulu lija linabisa zonse. Wayilesi ndinaitseka bwinobwino n'kuibwezera pamalo pake.

Dzuwa litapendeka ndinamva mawu m'nyumba.

"Wayilesi yangayi yatani? Ikuyaka koma sikulankhula."

"Ndi netiweki, mayi. Masiku ano ikuvuta paliponse."

Chakumadzulo bondo linayamba kutentha, kenako kuchita dzanzi. Lero ndikudziwa kuti anali malegeni amene anandifinya. Koma tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe.

"Afika," ndinatero chamumtima. "Ana abwino. Agwireni ntchito."

Lolemba kunacha ndi chiperoni, nkhungu ili thoo m'minda yonse. Masiku ena nyengo yotereyi bondo linkandiliza. Koma ine ndinafika pansi pa Field 9 ndikuimba mluzu. Otchola anali atayamba kale, madengu kumsana. Bwana anafika pa galimoto lake, anatsika, n'kumanga zingwe za nsapato.

"Tiyeni, a Namakhwa. Muziyenda pang'onopang'ono, palibe chothamangira."

"Bwana, pang'onopang'ono ndi mawu amene sindiwadziwa."

Ndipo ndinakwera. Abale, musandifunse kuti zinatheka bwanji, koma ndinakwera phiri lija ngati mbuzi. Ululu unalipo chapatali, koma ndinkati ndi anyamata akukhoma misomali. Ndinkaloza uku ndi uku, ndikufotokoza mizere imene tinadulira chaka chatha, ndikukalipira wina amene ankatchola masamba okhwima. Bwana anali kumbuyo, akupukuta magalasi.

Pa gulu langa panali mayi wina dzina lake Nachisale, wotchola mwaliwiro kuposa onse, ndipo pakamwa pake n'chimodzimodzi.

"Iii, a kapitawo!" anakuwa ali pakati pa mzere. "Lero mwadya chiyani? Si inu dzana lomweli munkatsamira mtengo wa bulugamu mukuganiza kuti sitikukuonani?"

"Tchola tiyi, Nachisale! Masamba awiri ndi kansonga, osati nkhani!"

Chapakati pa phiri ndinaona kuti pa bondo la thalauza pakangamira msomali wadzimbiri ndi kawaya. Ndinazichotsa msanga n'kuzitaya m'tiyi. Chenjezo linali limenelo, koma munthu zikamamuyendera samva.

Tinafika pamwamba, pamene pali shedi ya sikelo. Thirakitala inali itaima ndi ngolo yake kudikira masamba, ndipo otchola anayamba kubwera ndi madengu kudzayezetsa. Bwana anagwira mzati wa shedi, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu.

"A Namakhwa," anatero atapeza mpweya, "ndikuuzeni chilungamo. Ndinauzidwa kuti mwendo wanu watha. Ndinali nditakonza kale zokupatsani mpando pa geti. Koma ndadzionera ndekha. Anthu ali ndi nsanje chabe. Munda uno ndi wanu."

Mtima wanga unavina. Ndinapambana! Chinatsala n'kungonena kuti zikomo bwana, n'kuchokapo. Koma ayi, ndinasendera pafupi kuti anthu aone bwino kuti ine ndi bwana tikucheza.

Bwana analowetsa dzanja m'thumba kuti atulutse kampango kopukutira thukuta. Makiyi a galimoto anatuluka nako limodzi n'kugwa. Pansi sanafike. Anadutsa pafupi ndi mwendo wanga, anakhota m'malere, n'kumata pa bondo. Kha!

Maso onse mu shedi anatembenukira pa bondo langa.

Makiyi ali lende pa thalauza, ine ndikuyang'ana kumapiri ngati sindikuwadziwa.

Bwana anawerama, anawakoka, anawayang'ana. Kenako, poti ndi munthu wophunzira ndipo ophunzira sakhulupirira kamodzi, anawasiyanso pafupi ndi bondo. Kha!

"Mayo!" anakuwa mayi wina, n'kutaya dengu.

Nachisale sanathawe. Anamasula supuni imene amamangirira pa chitenje, anayandikira chonyang'ama, n'kuiponya. Kha! Supuni pamwamba pa makiyi.

"Ndinanena ine!" anakuwa. "Munthu sangakwere phiri limeneli chonchija ndi mpunga wokha! A kapitawo akhwima!"

"Akhwima! Akhwima!" mawu anayamba kuyenda m'gulu. Kalaliki wa sikelo anabisa cholembera chake kumbuyo.

Tsono apa ndinali pakati pa moto ndi madzi. Kukhala chete, ndiye kuti dzina la ufiti landimata mpaka kumanda, ine munthu woimirira ulaliki wonse dzulo lake. Komanso, ndisaname, kunyada kunandikwera. Mwana ndi wanga, sayansi ndi ya m'nyumba mwanga, ndibisirenji?

"Khalani chete, mbuli inu!" ndinakalipa. "Ufiti wa chiyani? Iyi ndi sayansi!"

Ndinapinda thalauza mpaka pantchafu.

Chimene ndinaiwala n'chakuti pansi pa maginito panali bondo lenilenilo, limene ndinalibisa chaka chathunthu. Linali litatupa ngati papaya, malegeni atalowa m'mnofu. Bwana analiyang'ana nthawi yaitali. Ine sindinaone nkhope yake, ndinali kalikiliki kuphunzitsa anthu.

"M'kati umu muli anyamata zikwizikwi, osaoneka ndi maso! Aliyense wasenza mankhwala. Abwera kuchokera ku South Africa ndi mwana wanga Eneless. Ndinawamwa dzulo, anachedwa pang'ono m'mimba, koma ndawaikira kapitawo uyu, ndipo panopa ali pantchito. Inu mukanakhala olimbikira ngati iwowa, bwenzi munda uno titaumaliza Lachitatu!"

"A Namakhwa," anatero bwana ndi mawu otsika, "mukuti mwamwa zinthu za mu labu? Mwana wanu akudziwa?"

"Adziwa zikatheka, bwana. Ndi sapulaizi."

"Ambuye wanga!" Bwana anatulutsa foni. "Ndikuimbira a kukiliniki. Musasunthe! Wina awagwire!"

Nthawi yomweyo tinamva njinga yamoto ikulira m'kanjira ka thirakitala. Inatulukira m'nkhungu itanyamula anthu awiri kumbuyo: Eneless atavala suti yake yopita nayo kusukulu, ndi amake atakumbatira wayilesi pachifuwa. Eneless anadumpha njinga isanaime. M'dzanja anali ndi kabotolo kaja.

"Ababa! Zinali umu zili kuti?"

Ndinatukula chifuwa. "Zili pantchito, mwanawe. Usaope. Uwauze mabwana ako kuti pa munthu zikugwiranso, asiye kuvutitsa mbewa."

Anayang'ana ine, anayang'ana bondo, maginito, makiyi ndi supuni.

"Mwamwa?"

"Zonse."

"Ababa... ameneyu anali tiyi."

Sindinamve bwino. "Wati chiyani?"

"Tiyi, ababa. Dasiti wa m'chitini cha amayi, wa ku fakitale yanu yomweyi. Ndinangomusefa kuti asalale. Ndimafuna kukamuwaza pa mbale ya madzi, ndikadonthezepo sopo, ana aone timibulu tikuthawa tokha. N'chitsanzo chabe! Tinthu tenitenito sitituluka mu labu, ndipo ndinakuuzani kuti ndi maso simungatione!"

"Nanga... nanga DO NOT TOUCH uja?"

"Ndinalembera inuyo, ababa. Ndimakudziwani."

Woyamba kulankhula anali Nachisale.

"Tiyi?" anatero pang'onopang'ono. "A kapitawo amwa tiyi osamuzindikira? Mphuno ija? Mphuno yodziwa munda ndi dzina la wotchola?"

"Anaitsina," anayankha amake Eneless, osakweza mawu n'komwe. "Akamamwa mankhwala amatsina mphuno ngati mwana. Ndipo bambo, netiweki ya wayilesi yanga ndaiona. Ili pa bondo panupo."

Anthu anagwa nacho chiseko. Ena anakhala pansi m'matope, ena anagwirana mapewa. Dalaivala wa thirakitala anagona pa chiwongolero mpaka hutala inalira. Nachisale ankangomenya dengu lake akulira misozi, akuti, "Mwina ndinamutchola ndine! A kapitawo, tanunkhizani kabotoloko mutiuze!" Bwana anayesetsa, ndimupatse ulemu wake, anatembenuka kuyang'ana mzati, koma mapewa ake ankagwedezeka.

Ndipo bondo nalo linamva. Litangodziwa kuti m'kati mulibe anyamata, kuti lakwera Field 9 yonse ndi kapu ya tiyi wozizira wopanda shuga, linatula pansi udindo nthawi yomweyo. Ndinangoona mitengo ya tiyi ikubwera kumaso. Ndinagwa chagada pakati pa mzere, miyendo m'mwamba, supuni ya Nachisale ikadali pamalo pake.

Anandinyamula amuna anayi. Kalaliki anafunsa ngati andiyeze kaye pa sikelo, poti chilichonse chokwera ngolo chimayezedwa. Ameneyo sindinamukhululukirebe mpaka lero.

Ndinatsika phiri langa nditagona pamwamba pa matumba a masamba, Eneless atakhala pambali panga ndi suti yake yonyowa. Anadula malegeni aja ndi mpeni wa dalaivala. Iye yekha ndi amene sankaseka. Anagwira bondo lija ndi manja awiri, mofatsa, n'kuliyang'anitsitsa.

"Mnzanu wa ku Thekerani uja ndi ameneyu?"

"Ndi yemweyu."

"Layamba liti?"

"Chaka chatha."

"Chaka chathunthu, ababa? Ine ndikuimba foni sabata iliyonse, inu n'kumati zonse zili bwino? Bwanji osandiuza?"



"Ndimaopa geti, mwanawe," ndinatero. "Ndikachoka m'munda ndikhala ndani?"

"Mukhala ababa anga," anatero, misozi ikutsika. Kenako anayang'ana chimaginito chija chili m'manja mwake, ndipo naye chiseko chinamugonjetsa. Anaseka akulira, ine n'kuyamba kuseka naye, thirakitala ikutigwedeza mpaka kumunsi. Manyazi ngati a tsiku limenelo sindinawamvepo, koma sindinamukondepo mwana wanga ngati pa ngolo imene ija.

Kusukulu anapita mawa lake, ndi tiyi wina. Lachitatu ananditengera kuchipatala ku Blantyre. Anandijambula, anachotsa madzi m'bondo, anandipatsa mapiritsi wamba, aja omwazika thupi lonse. Dokotala ananena mosapsatira kuti za mapiri ndiiwale, ndipo anati ndikanabwera chaka chatha bwenzi tikukamba zina. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine phula ndinalisiya, ndinasankha dasiti.

Ndiye lero mukabwera pa esiteti pathu, munthu woyamba kumuona ndine. Ndili pa geti. Mpando wake, ndisaname, ndi wabwino, ndipo bondo limandithokoza tsiku lililonse. Wayilesi ya amake Eneless inakonzedwa, koma amaitsekera m'kabati akamachoka.

Dzina la Namakhwa linatha. Ngakhale ana a sukulu amati a Maginito. M'mawa uliwonse gulu langa lakale limadutsa ndi madengu, Nachisale ali patsogolo.

"Mwadzuka bwanji, a kapitawo? Anyamata afika, kapena akadali ku kantini?"

"Pita ukatchole tiyi, Nachisale!"

"Tikupita. Koma musayandikire kwambiri getilo, n'lachitsulo. Bwana akuti anakusankhani dala, akuti mlonda wina amathawa pantchito, koma inu mukamata mwamata!"

Eneless anabwerera kusukulu. Sabata yatha anaimba foni, akuti ntchito ikuyenda, tinthu take tayamba kufika pamene akutituma.

"Tsiku lina tidzafika pa anthu, ababa. Zikadzavomerezedwa, ndidzakubweretserani enieniwo, ndi dokotala wake yemwe."

"Chabwino, mwanawe," ndinatero. "Koma ndidzayamba ndanunkhiza."

Ukafuna kuba mankhwala a mwana wako, mphuno isiye igwire ntchito yake.